Mankhwala opopera a mphumu akufunika kufika m'zipatala za kumidzi ku Chitipa

CHITIPA, Mana: Nyengo yozizira ikafika, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, mabanja omwe ali ndi wodwala mphumu m'boma la Chitipa amakhala ndi nkhawa chifukwa iyi ndi nthawi yomwe chimfine, chisanu, fumbi ndi utsi zimabwera pamodzi n'kudzutsa matendawa.

M'madera okwera monga Misuku, Chisenga ndi Nthalire, anthu amasonkha moto m'nyumba usiku pofuna kudziteteza ku chisanu. Mvula ikatha misewu imayamba kutulutsa fumbi, ndipo chakumapeto kwa nyengoyi moto wolusa umatentha tchire n'kudzaza utsi m'midzi.

Kubanika kwa mphumu kumakonda kufika usiku kapena mbandakucha, nthawi yomwe mayendedwe ndi ovuta kupeza. Munthu wa ku Nthalire ali pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku chipatala chachikulu cha boma lino, ndipo matenda akakula wodwala amayenera kutumizidwa ku Mzuzu Central Hospital, ulendo wa makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga.

Ngakhale msewu wa tala wa makilomita 101 wochoka ku Karonga kufika ku Chitipa udachepetsa mavuto a mayendedwe, misewu yambiri yolowa m'midzi ndi yafumbi. Munthu yemwe akulephera kupuma sangapirire maola ambiri pa njinga yamoto ya kabaza.

N'chifukwa chake nkhani ya mankhwala opopera mkamwa, omwe ambiri amawatcha inhela, ndi yofunika kwambiri ku Chitipa kuposa m'mizinda momwe chipatala chili pafupi. Akatswiri a zaumoyo akugwirizana kuti kubanika koopsa kochuluka kungathe kupewedwa ngati wodwala ali ndi mankhwala oyenera kunyumba kwake ndipo akudziwa kagwiritsidwe ntchito kake.

Mphumu ndi matenda okhalitsa

Anthu ambiri amaona mphumu ngati matenda omwe amabwera n'kupita. Wodwala akabanika amathamangira naye kuchipatala, amalandira jakisoni kapena mapiritsi, akapezako bwino amabwerera kunyumba, ndipo nkhani imathera pomwepo kufikira tsiku lomwe adzabanikenso.

Koma madokotala amafotokoza kuti mphumu imakhala m'thupi ngakhale masiku omwe munthu akupuma bwino. Timachubu tomwe timapititsa mpweya m'mapapo timakhala totupa mkati, ndipo tikakumana ndi utsi, fumbi, mungu, mpweya wozizira kapena chimfine, minofu yozungulira timachubuti imakungika, makhololo amachuluka, njira ya mpweya n'kuchepa. Apa ndi pomwe wodwala amatsokomola, amamva kuthina pachifuwa ndipo kupuma kwake kumalira ngati likhweru.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'chaka cha 2019 anthu 262 miliyoni adali ndi mphumu ndipo anthu 455,000 adamwalira nayo. Imfa zambiri mwa izi zidachitika m'maiko osauka, komwe anthu ambiri sapimidwa ndiponso salandira mankhwala oyenera.

Mitundu iwiri ya inhela

Mankhwala opopera a mphumu ali m'magulu awiri ndipo ntchito zake n'zosiyana.

Gulu loyamba ndi la mankhwala otsegula njira ya mpweya mwachangu. Odziwika kwambiri ndi salbutamol, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina la Ventolin ndipo kawirikawiri amabwera m'kachitini ka mtundu wa buluu. Mankhwalawa amamasula minofu yokungika ija m'mphindi zochepa, koma mphamvu yake imatha pakadutsa maola anayi kapena asanu ndi limodzi ndipo sachotsa kutupa komwe ndi gwero la matendawa.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala oteteza, monga beclometasone ndi budesonide, omwe nthawi zambiri amabwera m'kachitini kofiirira. Awa amachepetsa kutupa kwa m'timachubu pang'onopang'ono. Wodwala samva kusintha nthawi yomweyo, koma akamapopera tsiku ndi tsiku monga adalangizidwira, pakatha masabata ochepa kutsokomola kwa usiku kumachepa ndipo kubanika kumabwera mwa apo ndi apo.

Vuto limagona pamenepa. Popeza inhela ya buluu ndi yomwe imathandiza msanga, odwala amaikhulupirira ndipo amaona ngati yofiirira ilibe ntchito. Munthu akhoza kumapopera ya buluu kangapo pa tsiku kwa miyezi, kutupa kukukulirakulira mkati, mpaka tsiku lina imalephera kumuthandiza.

Kachitini kamodzi ka salbutamol kamapopa ka 200. Kafukufuku wa m'maiko angapo adaonetsa kuti wodwala yemwe amamaliza tizitini titatu kapena kuposera apo pa chaka amakhala pa chiopsezo chachikulu cha kubanika koopsa.

Pa chifukwa ichi, m'chaka cha 2019 bungwe la Global Initiative for Asthma, lomwe limalemba malangizo a kachiritsidwe ka mphumu padziko lonse, lidasiya kulimbikitsa kuti akuluakulu ndi achinyamata azipatsidwa salbutamol yekha. Bungweli lidati wodwala aliyense, ngakhale yemwe matenda ake akuoneka ochepa, azilandiranso mankhwala ochepetsa kutupa.

Palinso inhela yophatikiza budesonide ndi formoterol m'kachitini kamodzi, yomwe imatsegula njira ya mpweya komanso kuchepetsa kutupa nthawi imodzi. Zotsatira za kafukufuku zomwe zidatuluka mu 2018 zidaonetsa kuti kwa odwala omwe matenda awo sadakule, inhela imeneyi idachepetsa kubanika koopsa ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu poyerekeza ndi ya buluu yokha. Mankhwalawa ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira kwambiri, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo.

Mapiritsi ndi jakisoni

Kwa zaka zambiri odwala mphumu m'zipatala zing'onozing'ono za m'dziko muno adazolowera mapiritsi a salbutamol, aminophylline ndi prednisolone. Mapiritsi ndi otsika mtengo, osavuta kusunga ndiponso safuna kuphunzitsa wodwala, choncho adakhazikika m'maganizo a anthu ngati mankhwala enieni a mphumu.

Koma piritsi limadutsa m'mimba ndi kulowa m'magazi, n'kuzungulira thupi lonse lisanafike kumapapo. Piritsi limodzi la salbutamol la mamiligalamu 4 lili ndi mankhwala ochuluka mofanana ndi kupopera ka 40, chifukwa kupopa kumodzi kumatulutsa gawo limodzi mwa magawo 10 a miligalamu. Ichi n'chifukwa chake omwe amamwa mapiritsiwa amadandaula za kunjenjemera kwa manja ndi kuthamanga kwa mtima.

Mapiritsi a prednisolone amapulumutsa moyo munthu akabanika kwambiri ndipo amaperekedwa kwa masiku ochepa. Akamwedwa mobwerezabwereza kwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufooka kwa mafupa. Mankhwala opopera amapita mwachindunji kumapapo, pamlingo wochepa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake WHO imalimbikitsa kupopera m'malo mwa mapiritsi pa chithandizo cha tsiku ndi tsiku.

Zomwe kafukufuku wapeza m'Malawi

Dziko lino lili ndi umboni wakewake pa nkhaniyi. Kafukufuku wotchedwa ACACIA, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2024, adafunsa ana a sukulu oposa 27,000 m'mizinda ya maiko asanu ndi limodzi a mu Africa, kuphatikizapo mzinda wa Blantyre. Ana 12 pa 100 aliwonse adali ndi zizindikiro za mphumu, koma mwa ana amenewa, asanu ndi atatu pa khumi aliwonse adali asadauzidwepo ndi wachipatala kuti ali ndi matendawa.

Ngati zinthu zili chonchi m'mizinda momwe muli zipatala zikuluzikulu, funso n'lakuti zili bwanji m'boma ngati la Chitipa, lomwe pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu 234,927, ambiri mwa iwo okhala kumidzi ya kutali ndi chipatala.

Kafukufuku wina adachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre motsogozedwa ndi Dr Sarah Rylance ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2021. Ana 120 a zaka zapakati pa 6 ndi 15 adagawidwa m'magulu awiri. Gulu lina lidalandira chithandizo cha masiku onse, pomwe lina lidapimidwa mosamala, lidapatsidwa mankhwala opopera oyenera ndipo lidaphunzitsidwa za matendawa pamodzi ndi makolo awo.

Patatha miyezi itatu, ana a m'gulu lachiwiri adali kupeza bwino kuposa anzawo, kujomba kusukulu kudachepa, ndiponso ndi ochepa omwe adathamangira nawo kuchipatala mwadzidzidzi. Chofunika kudziwa n'chakuti ntchitoyi sidagwiridwe ndi madokotala akuluakulu a za mapapo. Odwala adaonedwa ndi wachipatala wa digiri yotsikirapo, ndipo maphunziro adaperekedwa ndi anthu wamba omwe adasulidwa pa ntchitoyi. Izi zikusonyeza kuti chithandizo chotere chingatheke pa chipatala cha boma kapena chaching'ono chilichonse chomwe chili ndi mankhwala.

Matenda ena a mgonagona a m'mapapo

Kupatula mphumu, pali matenda ena okhalitsa omwe achipatala amawatcha COPD. Awa amagwira kwambiri anthu a zaka zoposa 40 ndipo amadza chifukwa cha kuonongeka kwa mapapo pang'onopang'ono. Wodwala amatsokomola kwa miyezi, amatulutsa makhololo ndipo amachita befu akakwera chitunda kapena akagwira khasu kwa kanthawi kochepa. WHO idati mu 2021 matendawa adapha anthu 3.5 miliyoni padziko lonse.

Kusuta fodya ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu, ndipo mu 2023 dziko la Malawi lidavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta. Koma kuno kwathu palinso zifukwa zina. Mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, kutanthauza kuti amayi ndi ana omwe ali kumsana amapuma utsi wa pamafuwa tsiku lililonse.

Chifuwa chachikulu cha TB nachonso chimasiya zipsera. Kafukufuku yemwe adatsatira akuluakulu 405 ku Blantyre ndi kusindikizidwa mu 2020 adapeza kuti pomaliza kumwa mankhwala a TB, munthu mmodzi mwa atatu aliwonse adali ndi mapapo omwe sagwira ntchito mokwanira. Anthu otere akabwerera kuchipatala akutsokomolabe, nkosavuta kuganiza kuti TB yayambiranso, pomwe vuto ndi zipsera zija.

Ena angaganize kuti yankho ndi kungosintha mbaula. Kafukufuku wamkulu yemwe adachitika ku Chilumba m'boma la Karonga ndi ku Chikwawa, wokhudza ana oposa 10,000, adapeza kuti mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa sizidachepetse chibayo pakati pa ana osakwana zaka zisanu, ngakhale zidachepetsa ngozi za kupsa. Phunziro lake n'lakuti utsi umachokera kumbali zambiri, kuphatikizapo kutentha zinyalala ndi tchire, choncho ntchito yochepetsa utsi iyenera kuyendera limodzi ndi yopereka mankhwala kwa omwe mapapo awo adavulala kale.

Matenda a COPD sachizika, koma mankhwala opopera okhalitsa m'thupi monga tiotropium, omwe amapoperedwa kamodzi pa tsiku ndipo WHO idawaika pa mndandanda wake mu 2019, amathandiza wodwala kupuma bwino ndi kupitiriza ntchito zake. Aliyense yemwe watsokomola kwa masabata awiri ayenera kuyamba wapimitsa TB asanaganizire za matenda ena.

Chomwe chimalepheretsa mankhwala kufika

Buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo pa kachiritsidwe ka matenda limatchula inhela za salbutamol ndi beclometasone, ndipo m'zipatala za boma mankhwala ndi aulere. Maiko a m'bungwe la WHO adagwirizananso kuti mankhwala ofunikira a matenda osapatsirana azipezeka m'zipatala 80 pa 100 zilizonse. Koma kafukufuku wa m'maiko osauka wakhala akuonetsa kuti inhela zoteteza ndi zomwe zimasowa kwambiri, ndipo komwe zikupezeka m'masitolo a mankhwala mtengo wake umaposa zomwe mlimi wamba angakwanitse.

Chifukwa choyamba ndi ndalama zakunja. Inhela zonse zimagulidwa kunja kwa dziko lino, ndipo kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudachititsa kuti ndalama yomweyo izigula mankhwala ochepa. Ndalama zikachepa, mankhwala a malungo, a amayi oyembekezera ndi opha tizilombo ndi omwe amaikidwa patsogolo.

Chifukwa chachiwiri sichioneka msanga. Nkhokwe ya mankhwala ya Central Medical Stores Trust imagula motengera zomwe zipatala zaitanitsa, ndipo zipatala zimaitanitsa motengera odwala omwe zidalemba ndi mankhwala omwe zidagwiritsa ntchito m'mbuyomu. Mwana wa mphumu akalembedwa kuti ali ndi chibayo kapena chifuwa wamba, m'kaundula simuoneka wodwala mphumu. Wachipatala naye salemba mankhwala omwe akudziwa kuti pa shelefu palibe. Mapeto ake ziwerengero zimaonetsa ngati inhela zoteteza sizifunika, ndipo chaka chotsatira siziitanitsidwanso.

Kuti unyolo umenewu uduke, ntchito iyenera kuyambira pa kaundula. Chipatala chilichonse, kaya ndi cha boma kapena cha mishoni monga cha Kaseye, chikakhala ndi mndandanda wa odwala mphumu a m'dera lake, ofesi ya zaumoyo ya boma imakhala ndi umboni poitanitsa mankhwala ndi popempha ndalama ku khonsolo ndi ku likulu.

Phunziro la ma ARV

Dziko la Malawi lidaonetsa kale kuti lingathe kufikitsa mankhwala a moyo wonse kumudzi. Kuyambira mu 2004 pomwe boma lidayamba kupereka ma ARV aulere, ntchitoyi idafalikira kuchoka m'zipatala zikuluzikulu mpaka m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo omwe akupeza bwino amalandira mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi pa ulendo umodzi.

Boma la Neno, lomwe nalonso ndi lamapiri ndi lovuta mayendedwe, lidatengerapo phunziro. Mu 2015 Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo udakhazikitsa kiliniki imodzi yoonera pamodzi odwala HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu ndi mphumu, m'zipatala zonse za m'bomalo. Wodwala amabwera pa tsiku lomwe adapatsidwa, amaonedwa ngakhale sakumva kupweteka, ndipo amatenga mankhwala a miyezi ingapo.

Ndondomeko ina ya PEN-Plus, yomwe imabweretsa chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana pa zipatala za m'maboma, m'dziko muno idayambiranso ku Neno ndipo idafika ku Salima ndi ku Karonga, boma loyandikana ndi Chitipa. Nduna za zaumoyo za mu Africa zidavomereza ndondomekoyi pa msonkhano wawo wa ku Lomé m'dziko la Togo mu Ogasiti 2022. Mu Meyi 2025 msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva udavomerezanso mfundo yolimbikitsa maiko kuti asamalire matenda onse a m'mapapo pamodzi, kuphatikizapo kupezeka kwa mankhwala opopera.

Maziko alipo kale. Chomwe chatsala n'chakuti wodwala wa ku Wenya, Kameme kapena Ifumbo azipeza inhela zonse ziwiri pa chipatala cha kwawo, monga momwe mnzake amapezera ma ARV.

Kuphunzitsa wodwala m'chilankhulo chake

Inhela ikafika m'manja mwa wodwala ntchito siinathe, chifukwa odwala ambiri padziko lonse amalakwitsa kapoperedwe ndipo mankhwala amathera pa lilime ndi pakhosi. Wodwala ayenera kukhutchumula kachitini, kutulutsa mpweya, kutseka milomo pa kamwa ya inhela, kudina uku akukoka mpweya pang'onopang'ono, kenaka kuugwira kwa masekondi pafupifupi 10. Akapopera inhela yoteteza azichukucha mkamwa ndi madzi n'kulavula pofuna kupewa zilonda zoyera za mkamwa.

Kwa ana, okalamba ndi aliyense yemwe wabanika, pamafunika kachipangizo koika pakati pa inhela ndi kamwa kuti mankhwala aime kaye m'menemo wodwala n'kumakoka mosathamanga. Mu 1999 Pulofesa Heather Zar ndi anzake a ku Cape Town adaonetsa kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500, loboola kunsi kwake kuti inhela ilowe mothina, limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula. Mabotolo otere amapezeka pa msika uliwonse, ndipo wachipatala angathe kuonetsa banja kakonzedwe kake.

Ku Chitipa kuli vuto lapadera la zilankhulo. Anthu a m'bomali amalankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chinamwanga ndi zina, pomwe ogwira ntchito zachipatala ambiri amachokera m'maboma ena. Kusiyana kwa inhela ya buluu ndi yofiirira kukafotokozedwa m'chilankhulo chomwe gogo sakuchimva bwino, iye adzasunga yoteteza ija m'thumba kudikira tsiku lobanika. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, omwe amadziwa zilankhulo za m'madera awo, ndiponso mawailesi a m'dera, ali ndi gawo lalikulu pa ntchitoyi.

Pali zikhulupiriro zomwe ziyenera kuthetsedwa. Ena amati munthu akayamba kupopera sadzasiyanso chifukwa thupi limazolowera, ena amati inhela imafooketsa mtima, pomwe ena amaiona ngati chizindikiro chakuti wodwala watsala pang'ono kutisiya. Madokotala akutsimikiza kuti mankhwalawa sachititsa chibaba, ndipo amayi oyembekezera amalangizidwa kupitiriza kupopera chifukwa kubanika kwa mayi ndi komwe kumaika mwana pa chiopsezo. Mphumu sipatsirana, choncho palibe chifukwa choti mwana azibisa inhela yake kusukulu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo wodwala ali ndi ufulu wopempha wachipatala kuti amuonetse kapoperedwe mpaka atamvetsa.

Popeza bomali lili m'malire ndi maiko a Tanzania ndi Zambia komwe malonda amayenda tsiku ndi tsiku, anthu ayenera kusamala ndi mankhwala ogulitsidwa pa msika kapena m'zikwama. Inhela imafuna chilolezo cha wachipatala ndipo iyenera kugulidwa m'sitolo yovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kachitini kotha kapena kopitirira nthawi yake kamatha kutulutsabe mpweya wopanda mankhwala okwanira.

Chaka chilichonse, Lachiwiri loyamba la mwezi wa Meyi, dziko lonse limakumbukira matenda a mphumu, ndipo mutu wa mwambowu mu 2025 udali wolimbikitsa kuti mankhwala opopera afikire anthu onse. Kwa boma la Chitipa tsikuli limafika nthawi yabwino, chisanu chisanakhwime. Ndi nthawi yoti zipatala ziwerenge odwala awo ndi kuitanitsa mankhwala, makomiti a zaumoyo ndi makhansala afunse ngati inhela zoteteza zilipo, ndipo mabanja atenge kabuku ka kuchipatala n'kupita kukaonetsa wodwala wawo adakali bwino.

Wodwala yemwe akudzuka usiku ndi chifuwa, kapena akupopera inhela ya buluu koposa kawiri pa sabata, ayenera kukaonana ndi achipatala kuti amuunikenso. Koma ngati akulephera kumaliza chiganizo polankhula, milomo yake yasintha mtundu, kapena inhela ya buluu siikumuthandiza, achibale asadikire kuti kuche. Apitirize kumupopera kudzera m'botolo uku akupita naye ku chipatala chomwe chili pafupi.